Njuchi Imene Sinasiye Mbola

Panali munthu wina woweta njuchi, ndipo munthuyu anali ndi nthenda imodzi, nthenda yofunsa. Akaona nyerere zitanyamula chakudya, ankaima kuti aone kumene zikupita. Chitsime chikaphwa, sankangodandaula ngati anzake. Ankafuna adziwe kuti madziwo alowera kuti. Anthu ankamuseka kuti tsiku lomuika m'manda adzadzuka n'kufunsa adzukulu chifukwa chimene akumbira mozama chotere. Iye ankangoyankha kuti safunsa anadya phula, ndipo poti ntchito yake inali ya uchi, mwambiwo unkamukhala.

Ming'oma yake inali m'nkhalango ya kuseri kwa mudzi, pamphanda za mitengo. Pofula uchi ankachita monga anamuphunzitsira atate ake. Ankayatsa muuni wa udzu wosauma bwino, n'kuuzira utsi pakhomo la mng'oma, n'kudikira kuti phokoso lizizire. Akatero ankatsegula, n'kudula zisa za uchi wokhwima. Zisa za ana sankazikhudza, ndipo nthawi zonse ankasiyako uchi wina kuti eni nyumba asagone ndi njala n'kusamuka.

Aliyense m'mudzimo ankanena kuti utsi umagoneka njuchi. Iyenso ankanena choncho, mpaka tsiku lina chidwi chinamugwira, nasuzumira bwinobwino m'kati mwa mng'oma. Anapeza kuti njuchi sizigona ayi. Zikamva utsi, iliyonse imalowetsa mutu m'chisa n'kuyamba kumwa uchi wake womwe mothamanga, ngati kuti nkhalango ikupsa. Ngakhale za pakhomo, zimene ntchito yake ndi kulondera, zimasiya khomo n'kukamwa nawo. Mimba ikadzaza, mbola imaiwalika. Pamenepo dzanja la munthu limalowa mwaufulu.

Anathamanga kukauza anthu zimene anaonazo. Anthu anati, "Zigone zisagone, uchi ukoma chimodzimodzi." Iye anazisunga mumtima, osadziwa kuti adzazifuna liti.

Munthuyu anali ndi mlongo wake, Nachisale, mayi wamasiye. Nachisale anali ndi ana angapo, ndipo woyamba anali Lusiyano, mnyamata wandevu kale, wamphamvu zake. Chimene chinkadyetsa banjali chinali dimba la m'mbali mwa mtsinje, limene anasiya malemu mayi ake a Nachisale. Munkachoka mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi nthawi imene minda ya kumtunda ili mbuu. Mlonda wa dimbalo anali Lusiyano. Mbuzi zinkamudziwa, akuba ankamudziwanso. Analinso ndi mng'oma wakewake, umene anasema ndi manja ake pamodzi ndi amalume akewo, ndipo palibe mng'oma m'nkhalangomo umene unkadzaza ngati umenewo.

Tsiku lina m'mawa woweta njuchi anapita kukazonda mlongo wake. Anamupeza akusesa pabwalo, mpango atautsitsa mpaka pamphumi. Diso lamanzere linali litatupa.

"Chemwali, chachitika n'chiyani?"

"Njuchi zanu zomwezi, achimwene. Ndimatola nkhuni pafupi ndi ming'oma."

Wina akanangopepesa n'kupita. Koma uyu ndi uja wa nthenda ija. Anati aone, achotse mbola. Anatembenuzira nkhope ya mlongo wake kudzuwa. Njuchi ikaluma imasiya mbola, ndipo mbola ikachoka pamatsala kadontho pakati pa chotupacho. Apa panalibe kadontho. Chotupa cha njuchi chimakhala chosalala, chotentha, choyabwa. Ichi chinali chakuda ngati biringanya, ndipo Nachisale sankachikanda, ankachiteteza ndi dzanja.

Munthu uja anabweza dzanja lake. Anangoti, "Pepani, ndikazilangiza." Koma pobwerera mtima unkamuwawa, ndipo funso linkamutsatira kumbuyo: ndi njuchi yanji imene imaluma osasiya mbola?

Anayamba kuyang'ana, pang'onopang'ono, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anaona kuti nkhuku za mlongo wake zachepa, chikhalirecho chitopa sichinadutse. Anaona kuti mtedza wa mbewu umene unali m'thumba kuchipinda watsika mpaka pansi. Kheni yothirira inasowa. Kudimba anapeza mbuzi zikudya mpiru modekha, ngati zaitanidwa. Ndipo sanali Nachisale yekha. Khomo lililonse linkalira kuba, koma palibe amene anaona mlendo akulowa m'nkhokwe. Agalu sankauwa.

Anadzifunsa kuti, wakuba amene galu samuuwa ndi ndani? Yankho analidziwa, koma silinamukwanire. Wakubayo ndi wa m'nyumba momwemo. Nanga mwana amene dzana ankathamangitsa akuba, wayamba bwanji kuba mtedza wa mayi ake?

Mapazi a anyamata onse ankalunjika malo amodzi. Pamphambano ya msewu wa kumsika, pansi pa mkuyu, panali venda wina wogula mbewu. Anali ndi njinga yamoto, sikelo yopachika panthambi, ndi mano oyera amene sankabisika. Kuseri kwa mkuyuwo, m'tchire, munkakhala anyamata. Utsi wake unkamveka patali, ndipo sunali wa fodya wamba. Ena ankasungunula timapiritsi m'zakumwa. Lusiyano anali pomwepo, atatsamira chulu, maso ofiira, akumwetulira chinthu chimene ena sankachiona.

Woweta njuchi anapereka moni, nakhala pamuzu. Anaona mnyamata wina akubwera ndi kathumba ka soya, venda n'kukapachika pasikelo, n'kutchula kulemera kwake mnyamatayo akuyang'ana kumwamba. Anaona wina akubwera ndi tambala. Anaonanso chinthu chimene chinamudabwitsa kuposa zonse. Mnyamata wachilendo atafika, wosasuta, venda anamupatsa ndudu ya chamba osamulipiritsa.

"Pepani bwana, ndifunse nawo. Zimenezi mumapereka ulere?"

Venda anaseka. "Ndi chikondi basi, madala. Anyamatawa ndi anzanga. Mulawa?"

"Ayi, ine utsi ndimagwira nawo ntchito. Ndimangodabwa. Munthu wa sikelo, amene salola ndi njere imodzi yomwe kugwa pansi, n'kumapereka zinthu ulere."

"Mumafunsa kwambiri, madala."

"Amatero anthu."

Ananyamuka. Ali panjira anaima chilili, chifukwa anakumbukira chinthu. Zaka zonsezi iye sanalipiritsepo njuchi ndi imodzi yomwe chifukwa cha utsi. Udzu ankamweta yekha, moto ankayatsa yekha, kuuzira ankauzira yekha, zonse zaulere. Dzanja limodzi linkagwira muuni, linalo linkagwira ndowa.

Anapita molunjika kwa mlongo wake. Ulendo uno sanazungulire.

"Chemwali, njuchi zanga zilibe zibakera. Ndiuzeni."

Nachisale analira kaye, kenako anaulula. Venda ankafuna dimba. Analonjeza Lusiyano kuti akamupatsa dimbalo, iye sadzasowanso chosuta, ndipo adzamuphunzitsa kuyendetsa njinga yamoto. Lusiyano anabwera kudzapempha mayi ake kuti avomere. Linali tsiku limene venda sanabwere pamkuyu, ndipo mnyamatayo anali asanasute, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Mayi anakana. Diso lija linachokera pamenepo.

"Ndavomera tsopano, achimwene. Tsiku la msika venda akubwera kudzaona malire. Bola mtendere."

"Nanga ang'onoang'onowa adya mtendere?"

"Nanga nditani? Ndimupereke kupolisi mwana wanga?"

Apa m'pamene panavuta. Mwini mbumba anali iyeyo, ndipo akanatha kungonena kuti dimba silipita. Koma iye akakana n'kubwerera kwake, chibakera chikanagwera mlongo wake yemwe uja. Akanamangitsa mnyamatayo, mayi ake akanafa ndi chisoni. Khoswe anali atakhala pamkhate. Kulalata, atsibweni ndi azibusa anali atalalata kale, ndipo mawu awo ankangouluka ndi utsi womwewo.

Tsiku la msika lisanafike, m'mawa mame asanaume, malume anakagogoda pagowelo la Lusiyano.

"Dzuka, undinyamulire ndowa. Tikafule."

Lusiyano anatuluka monyinyirika, koma anatuluka, chifukwa uchi umagulidwa ndipo iye ankafuna chogulitsa. Anadutsa ming'oma ina yonse. Malume anaima pa mng'oma wa Lusiyano.

Anayatsa muuni, naupereka kwa mnyamatayo. "Uzira ndiwe. Ukatero usuzumire, undiuze chimene ukuona."

Lusiyano anauzira. Phokoso linakwera, kenako linazizira. Malume anatsegula.

"Zagona, amalume."

"Yang'anitsitsa."

Mnyamata anayandikira. Anakhala kanthawi. Ngakhale maso anali ofiira, chidwi chotengera kwa malume ake chinali chikadalimo.

"Sizinagone. Zikumwa uchi."

"Wa yani?"

"Wawo womwe."

"Nanga pakhomo pali ndani?"

"Palibe."

Malume anatulutsa mpeni n'kuyamba kudula. Anadula zisa za uchi wokhwima, monga mwa masiku onse. Atafika pamene ankalekezera nthawi zonse, sanaleke. Anadula zimene amasiyira eni nyumba. Anadula za uchi wosakhwima. Kenako mpeni unafika pa zisa za ana.

"Amalume! Mukutani?"

"Ndikufula."

"Si mmene munandiphunzitsira. Mukatenga zonse zisamuka. Anawo afa."

"Taziona, zikukana?"

"Zingakane bwanji, tazipatsa utsi?"

"Ndazilipiritsa?"

Malume anapitiriza. Munthu amene sanaphepo mwana wa njuchi mwadala, tsiku limenelo anakokolola mng'oma wabwino kuposa yonse mpaka unatsala pululu. Ankazikonda njuchizo, koma sanaleke. Atatha anazimitsa muuni ndi phazi, nasenza ndowa.

"Tiye. Utsi ukutha."

Anayamba kuyenda mofulumira, osacheuka. Lusiyano anamutsatira pang'ono, kenako anaima. Mng'oma umenewu anausema yekha. Anaudikira nyengo yathunthu kuti njuchi zilowemo, ndipo tsiku limene zinalowa anathamanga mpaka kumudzi akufuula. Anathamangira malume ake, napisa dzanja m'ndowa, natulutsa zisa ziwiri zonona, nabwerera nazo kumtengo kuti akazibwezere.

Atafika, utsi unali utabalalika. Njuchi zinali zitazula mitu m'malo amene munali zisa, n'kupeza nyumba ilibe kanthu. Phokoso lake linali lina tsopano. Lusiyano anangoti aponye zisa m'kati, zinamuunjirira. Ina pakhosi, ina pamkono, ina pansi pa diso. Analiyatsa liwiro akudzimenya m'mutu, mpaka anakapeza malume ake kutsidya kwa kamtsinje, atakhala pamwala, opanda ndi chotupa chimodzi chomwe.

"Zandiluma! Ine ndimazibwezera uchi wawo, zaluma ine! Wakuba ndinu, koma inu sizinakukhudzeni!"

Malume anamukhazika pansi, nayamba kumuchotsa mbola ndi chikhadabo, imodziimodzi.

"Zimatero. Utsi ukamatha, wa ndowa amakhala atawoloka. Zimaluma amene watsala pafupi. Kawirikawiri amakhala amene akuzifunira zabwino."

Onse awiri anabwerera kumudzi, diso la Lusiyano likutupa njira yonse.

Pakhomo anapeza Nachisale ali pamkeka ndi amayi awiri oyandikana nawo, akusenda nandolo. Ataona nkhope ya mwana wake anataya lichero, nathamangira madzi ozizira ndi kansalu. Anagwada patsogolo pake n'kuyamba kumuthowa. Nkhope ziwirizo zinayang'anizana, diso lotupa ndi diso lotupa.

Mmodzi wa amayi aja anaseka. "Koma njuchi zimenezi zili ndi mlandu ndi banja lino! Mayi diso, mwana diso."

Mnzake anayang'ana uku, nayang'ana uko. "Komatu sizikufanana. La mwanali likunyezimira, ndipo kadontho kake ako. La anzathuwa ndi lakuda."

"Njuchi zimasiyana mitundu," anatero Nachisale mofulumira, dzanja lake likupitiriza kuthowa.

Lusiyano anayang'ana diso la mayi ake. Chichitikireni zija anali asanaliyang'ane. Ankalowa m'nyumba chozolika, n'kutuluka chozolika. Tsopano linali pafupi, ndipo mwini diso anali kalikiliki kusamala diso la iyeyo. Anagwira dzanja la mayi ake kuti lileke.

"Amayi sanalumidwe ndi njuchi," anatero Lusiyano. "Ndinawamenya ndine. Amandikaniza kugulitsa dimba."

Nachisale anafuna kumutseka pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo amayi awiri aja anali atamva. Mmodzi wa iwo anaweramitsa mutu, nakokera nsalu yake kuphimba mkono umene unali ndi chipsera. Iye ankauza anthu kuti chipseracho chinali cha nkhuni.

Tsiku la msika venda anafika pa njinga yake, mano ali mbee. Anapeza Lusiyano ali pakhomo la dimba, diso likadali lotupa, akumanga mpanda umene mbuzi zinaboola. Malume ndi mayi anali chapatali.

"Bwanji diso, mnzanga?"

"Njuchi."

"Pepa. Tenga iyi, ululu utha." Anatulutsa ndudu m'thumba.

Lusiyano anayang'ana nduduyo, ndipo ndisakunamizeni, malovu anadzaza m'kamwa. Kenako anayang'ana kumbuyo kwa njinga, kumene kunali matumba opanda kanthu atapindidwa bwinobwino, ndi sikelo pamwamba pake.

"Dimba silikugulitsidwa," anatero, nabwerera kumpanda wake.

Mukufuna ndinene kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda bwino. Ayi. Mnyamatayo anavutika. Tulo tinkamuthawa, chakudya chinkamukana, ndipo mkwiyo unkabwera wopanda chifukwa. Malume anamutengera kwake kuti mkwiyowo ukabwera upeze mwamuna mnzake pafupi, osati mayi. Anapita naye kuchipatala. Tsiku lina mnyamatayo anagonja ku chilakolako, nakapezekanso kuseri kwa mkuyu, malume n'kukamutenga. Koma dimba linatsala, ndipo ana ang'onoang'ono aja anadya chimanga chachiwisi chaka chimenecho.

Njuchi za mu mng'oma uja zinasamuka. Zisa ziwiri zija sizinakwanire kuzigwira. Mng'omawo ukadali pamphanda yake, ndipo amati Lusiyano amakaupaka phula pakhomo nyengo ya maluwa ikafika, n'kukhala pansi chapatali, n'kumadikira. Ngati zinabwerera, ine sindinamve.

Tsono inu anyamata mwakhala kumbuyoko, amene mukuyesa kuti sindikukuonani. Munthu akakupatsani utsi waulere, musamuyang'ane mano. Muyang'ane dzanja linalo, muone chimene lagwira. Ndipo mukadzuka tsiku lina muli ndi ukali, nkhokwe ili pululu, dzifunseni kuti amene ali pafupi kuti mumulume ndi ndani. Si amene anatenga uchi.

Nanu makolo anzanga, ndikudziwa chifukwa chimene mumanenera kuti zinali njuchi, zinali nkhuni, chinali chitseko. N'chikondi, ndipo sindikuchinyoza. Koma nthawi yonse imene Nachisale ankanamizira njuchi, venda ankayandikira dimba. Mukaona mnzanu watupa diso, musangopepesa n'kupita. Mutembenuzireni kudzuwa, mufunefune mbola.